Chiphaso chodumphira mzere ku paki ya zisangalalo, ndi za ndalama ya tikiti ulendo ukalephereka

Funso:

Ndine mphunzitsi kuno ku Ulongué, mayi wa ana atatu: wazaka 14, wazaka 10 ndi chitsiriza wazaka 5. Alongo anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo atiitana kuti tikadye nawo Khirisimasi. Analonjeza kale adzukulu awowa kuti akawatengera ku paki ya zisangalalo ya Gold Reef City, moti kunyumba kuno nkhani ndi yomweyo. Pa gulu lathu la WhatsApp pali bambo wina amene akuti amagulitsa matikiti a mapaki a ku South Africa pamodzi ndi chiphaso chodumphira mzere. Akuti titumize ndalama pa M-Pesa mwezi uno mitengo isanakwere. Kodi chiphaso chimenechi n'chololedwa, kapena ndi ziphuphu basi? Chili ndi phindu? Nanga ulendo ukalephereka, poti za mawa sizidziwika, ndalama ingabwerere?

Yankho:

Zikomo kwambiri amayi. Ndiyambe ndi chimene chikufunika changu: ndalama ija musatumize. Sindikuwaweruza bambowo, mwina ndi munthu wokhulupirika ndithu. Koma njira imene akukuuzaniyo ikuchotserani chitetezo chonse chimene ndifotokoze m'munsimu. Ndakhala ndikukonzera anthu maulendo kuno ku Tete kwa nthawi yaitali, ndipo madandaulo ambiri amene amandipeza sayamba ndi paki yoipa ayi. Amayamba ndi ndalama imene inatuluka msanga n'kukalowa m'manja mwa munthu amene si mwini malo.

Ziphaso zodumphira mzere zilipo, ndipo m'mapaki akuluakulu a kunja ndi malonda odziwika, a mtengo wolembedwa poyera. Mu 1999 kampani ya Disney inayambitsa FastPass, ndipo inali yaulere. Munthu amalowetsa tikiti yake mu makina, makinawo amatulutsa kapepala kolembedwa nthawi yoti abwerere, iye n'kupita kukachita zina m'malo moima padzuwa. FastPass yaulereyi inakhalapo zaka pafupifupi 20, kufikira mliri wa Covid-19 utatseketsa mapaki mu 2020. Atatsegula, FastPass sinabwererenso. Mu Okutobala 2021 ku Walt Disney World ku Florida anabweretsa Genie+, yolipira madola 15 munthu mmodzi pa tsiku, ndipo ku Disneyland ku California inayamba ndi madola 20. Pasanapite nthawi mtengo unayamba kusintha malinga ndi tsiku, kukwera pamene anthu achuluka. Mu 2024 anasintha dzina kukhala Lightning Lane, n'kuwonjezapo chiphaso chapamwamba chotchedwa Premier Pass, chimene ku Disneyland chinayamba pa madola 400 munthu mmodzi tsiku limodzi. Pa mtengo wa nthawi imeneyo wa pafupifupi 64 meticais pa dola, ndiye kuti 25,600 meticais, tikiti yolowera pachipata isanawerengedwe. Mapaki a Universal ali ndi yawo yotchedwa Express Pass, a Six Flags anatchuka ndi Flash Pass, ndipo ku Disneyland Paris kuli Premier Access.

Koma si paki iliyonse imene imagulitsa chiphaso chotere, ndipo imene imagulitsa siigulitsa nyengo zonse. Choncho chinthu choyamba n'chakuti alongo anu atsegule tsamba la pa intaneti la pakiyo, kapena aimbe foni ku ofesi yake, aone mitundu ya matikiti imene ilipo. Chiphaso chimene sichikuoneka pa mndandanda wa eni malo, munthu wina sangakhale nacho m'thumba. Bambowo akatchula dzina la chiphaso chimene eni paki sakuchidziwa, nkhani yathera pomwepo.

Za ziphuphu ndiyankhe mosapsatira. Chiphaso chogula kwa eni paki si chiphuphu, chifukwa mtengo wake ndi wapoyera, aliyense wokhala ndi ndalama angagule, ndipo mumalandira risiti. Chiphuphu ndi pamene mukupinda ndalama m'manja n'kupatsa mnyamata woyang'anira pakhomo pa chokwera kuti akulowetseni cham'mbali. Zimenezo musayese n'komwe. Angakutulutseni m'paki popanda kubwezeredwa kanthu, ndipo mnyamatayo angachotsedwe ntchito chifukwa cha inu.

Komabe, kuti chinthu n'chololedwa sindiye kuti palibe amene akuvutika nacho. Ganizani za chigayo cha dizilo tsiku limene magetsi azima ndipo mudzi wonse wakhamukira kumeneko. Chigayocho chili ndi mlingo wa ndowa zimene chingagaye pa ola, ndipo mwini wake ngakhale alandire ndalama zochuluka bwanji, sichithamanga kuposa pamenepo. Akanena kuti olipira kawiri agayitse kaye, nthawi imene iwo apindula yachotsedwa kwa amayi amene anafika mbandakucha. Zokwera za m'paki zimayenda chimodzimodzi. Tiyerekeze sitima yothamanga pa njanji yokhotakhota ija, ya mipando 24, imene imanyamuka mphindi 2 zilizonse. Pa ola inyamula anthu 720. Ngati patsogolo panu pali anthu 360, mudikira theka la ola. Eni paki akapereka theka la mipando kwa a ziphaso, anthu 360 omwewo mudikira nawo ola lathunthu. Palibe mpando watsopano umene wapangidwa. Ndipo mzere wamba ukamatalika, anthu ofuna chiphaso amachuluka, ndiye kuti wogulitsa alibe chifukwa chenicheni chofupikitsira mzerewo. Ine zimenezi zimandipweteka mtima, makamaka ndikaganiza za mwana amene makolo ake anasunga ndalama chaka chonse, ataima pamenepo n'kumaona anzake akudutsa pakhomo lina. Sindimuda kholo logula chiphaso, pakuti nalonso lachokera kutali ndipo lili ndi tsiku limodzi lokha. Koma ndikufuna mugule mukudziwa chimene mukugula: ndi nthawi chabe, ndipo nthawiyo ili ndi phindu pokhapokha ngati mzere ulipodi.

Apa ndiye pagona yankho la funso lanu lachiwiri. Mzere simungaudziwe muli ku Ulongué mwezi wathunthu tsikulo lisanafike. Mumaudziwa mutalowa pachipata n'kuona ndi maso. Mapaki ambiri ogulitsa ziphaso amagulitsanso tsiku lomwelo, pa foni kapena pa zenera la m'kati. N'zoona kuti masiku odzaza kwambiri zimatha msanga kapena kukwera mtengo, ndipo ogulitsa amadalira mantha amenewo kuti mulipire msanga. Koma yerekezani zotayika ziwirizi. Mukadikira n'kupeza ziphaso zatha, mwataya maola angapo pamzere, ana akwerabe. Mukagula msanga ulendo n'kulephereka, kapena mukapeza paki ilibe anthu, mungataye ndalama yonse ya chiphasocho.

Tsono tiyang'ane banja lanu lenilenilo. Ziphaso zimagulitsidwa pa mutu, osati pa banja, ndipo zimagwira ntchito pa zokwera zazikulu zimene zili ndi malire a msinkhu. Pa zokwera zothamanga kwambiri malirewo kawirikawiri amakhala pakati pa 1.2 m ndi 1.4 m, ndipo oyang'anira sanyengereredwa, chifukwa chitsulo chomangira munthu pampando chinapangidwira thupi la msinkhu umenewo. Wazaka 5 uja sakwera Anaconda kapena Tower of Terror, zokwera zazikulu za ku Gold Reef City, ngakhale mutamugulira chiphaso cha golide. Malo ake ndi akatungwe ndi timagalimoto ta ana, ndipo wamkulu mmodzi, inu kapena alamu anu, adzatsala naye kumeneko. Wazaka 10 ndiye ali pamalire. Tengani tepi ya telala mumuyeze kunyumba, mulembe, alongo anu ayerekeze ndi malire olembedwa pa tsamba la paki. Ndi bwino mwana amve lero kuti chokwera chakutichakuti sadzakwera, kusiyana n'kukabwezedwa pakhomo ataima kale pamzere. Mukawerengera bwino mupeza kuti pa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a ulendo wanu, amene chiphaso chingawathandize ndi awiri kapena atatu basi. Wogulitsa wa pa WhatsApp sadzakufunsani misinkhu ya ana, adzangowerenga mitu.

Muonenso mtundu wa chiphasocho, chifukwa dzina limanyenga. China chimakulolani kudumpha mzere kamodzi kokha pa chokwera chilichonse. China n'chopanda malire, ndipo n'chodula kwambiri. China chimakupatsani nthawi yoikika, monga pakati pa 11 koloko ndi 12 koloko, mukachedwa mwaluza. China ndi cha chokwera chimodzi chokha. Nthawi zambiri chokwera chatsopano chimene ana akuchilakalaka n'chimene sichikhala m'chiphaso wamba, amachigulitsa pachokha. Ndipo palibe chiphaso chimene chimathetseratu kudikira. Chimakulowetsani mu mzere waufupi, umene nawonso umatalika anthu a ziphaso akachuluka.

Pali njira zosalipira zimene zimagwira ntchito pafupifupi mofanana. Fikani chipata chisanatsegulidwe, ndipo mukalowa thamangirani zokwera zazikulu, zithunzi ndi ayisikilimu zibwere pambuyo. Ola loyamba limakwana zokwera zimene masana zingakudyereni maola atatu. Idyani nkhomaliro msanga kapena mochedwa kuti nthawi imene ena ali pa chakudya inu muli pa zokwera. Pewani Loweruka, Lamlungu, 16 Disembala ndi 26 Disembala, amene ndi masiku a tchuthi ku South Africa. Muonetsetsenso masiku amene pakiyo imatsegula, chifukwa kunja kwa nyengo ya tchuthi mapaki ena amapumula masiku ena a m'kati mwa sabata. Sukulu za ku South Africa zimatsegulira cha pakati pa Januwale, pamene zathu kuno zimakhala zisanayambe. Ngati ntchito yolembetsa ana kusukulu kwanu ingakuloleni kutsalira pang'ono, ndipo masiku 30 amene timaloledwa kukhala m'dzikomo popanda viza sanakwane, tsiku la m'kati mwa sabata sukulu zawo zitatsegulira ndilo chiphaso chabwino koposa, ndipo n'chaulere.

Kufika m'mawa kuli ndi phindu linanso. Disembala ndi Januwale ku Johannesburg ndi nyengo ya mvula ya ziphaliwali, imene imakonda kubwera masana kapena chakumadzulo. Mphezi ikayandikira, zokwera zazitali zachitsulo amaziimitsa, ndipo amachita bwino kutero. Munthu amene anagula chiphaso n'kunena kuti palibe chothamangira, adzakwera masana, ndi amene amabwerera kunyumba ndi chiphaso chosagwiritsa ntchito.

Tsopano za kubweza ndalama, ndipo apa ndichedwapo chifukwa m'pamene anthu athu amalira kwambiri. Mafunso ndi awiri: walephera ndani, inu kapena paki? Ndipo ndalama munapereka kwa ndani?

Mapaki ambiri padziko amalemba m'malamulo a tikiti kuti ndalama sibwezedwa ndipo tikiti siperekedwa kwa munthu wina. A Walt Disney World amatero, ngakhale amalola kuti mtengo wa tikiti imene sinagwiritsidwe ntchito uchotsedwe pa tikiti ya tsiku lina, ndipo ali ndi lamulo lapadera la nthawi imene boma lachenjeza za namondwe. Ichi chikuonetsa khalidwe la malonda amenewa: kusintha tsiku amavomera mosavuta, kutulutsa ndalama m'thumba amakana. Muzikumbukira zimenezi pokambirana nawo.

Anthu ena amva kuti chinthu chogula pa intaneti ungachibweze m'masiku 7 popanda kupereka chifukwa. Ku South Africa lamulo lotero lilipo, mu Electronic Communications and Transactions Act ya 2002. Koma lamulo lomwelo linapatula malo ogona, mayendedwe, chakudya ndi zisangalalo zimene zakonzedwera tsiku loikika. Tikiti ya paki yolembedwa deti ili m'gulu lopatulidwalo. Ku Ulaya nakonso masiku 14 awo obwezera katundu sakhudza matikiti otere. Choncho musadalire zimenezo.

Chimene chingakuthandizeni ndi Consumer Protection Act ya 2008, imene inayamba kugwira ntchito mu 2011. Lamuloli limateteza wogula pa malonda ochitikira m'dziko la South Africa, ndipo silifunsa kuti pasipoti yanu ndi ya dziko liti. Gawo 17 limati munthu ali ndi ufulu wothetsa malo amene anasungitsa pasadakhale, koma wogulitsa angadulepo ndalama yoyenerera. Kuyenerera kwake amayeza poona mtundu wa malondawo, kutalika kwa nthawi imene mwawadziwitsira, mwayi woti apeze wogula wina, ndi chizolowezi cha malonda a mtunduwo. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti kudziwitsa msanga ndiye mphamvu yanu. Mukalemba kalata sabata ziwiri tsiku lisanafike, muli ndi pokambira, chifukwa malo anu angagulitsidwe kwa wina. Mukangokhala chete osapita, n'kudzadandaula tsiku litadutsa, palibe amene adzakumvereni.

Gawo lomwelo lili ndi mfundo imene ndikufuna muimvetse bwino. Wogulitsa saloledwa kudula ndalama iliyonse ngati ulendo walephereka chifukwa munthu amene anamusungira malowo wamwalira kapena wagonekedwa m'chipatala. Onani malire ake. Akunena za munthu amene tikiti inagulidwira iyeyo, ndipo akunena za kugonekedwa, osati kudwala chabe. Mwana akagonekedwa ndi malungo ku chipatala cha Ulongué, tikiti yake ibwezedwe yonse, ndipo mufunika kalata ya chipatala yoonetsa tsiku lolowa ndi lotuluka. Kalatayo ikhala ya Chipwitikizi, choncho alongo anu alembe mwachidule m'Chingerezi zimene ikunena, atumize pamodzi. Koma kwathu kuno chimene chimaimitsa maulendo kawirikawiri ndi maliro a wachibale, a azakhali, a apongozi, a mfumu ya m'mudzi, amene sitingawasiye n'kupita kukasangalala. Lamulo lija silinafike pamenepo. Pa vuto lotero mulibe chokakamizira kuti abweze ndalama yonse, muli ndi chopempha, ndipo chopempha chimene chimamveka ndi chosintha tsiku. Musayambe ndi mawu oti bwezani ndalama yanga. Yambani ndi kufotokoza zimene zachitika, n'kupempha kuti matikiti awasunthire ku tsiku lina, ngakhale la Pasaka. Akakupatsani vocha m'malo mwa ndalama, funsani tsiku limene idzathere mphamvu ndipo alilembe.

Vuto lina limene limagwera ife a ku Tete ndi msewu. Basi yodzera ku Cuchamano, Harare ndi Beitbridge mu Disembala siilonjeza ola lofikira. Pa Beitbridge nyengo imeneyo anthu amatha kugona pamzere, ndipo yodzera ku Maputo ndi Ressano Garcia ndi yaitali kwambiri. Mukafika Lachisanu pamene tikiti ndi ya Lachinayi, kwa eni paki wolephera ndinu. Sadzawerengera za malire a dziko, ndipo kampani ya basi nayo sidzakulipirani tikiti ya paki. Mankhwala ake ndi osavuta: tsiku la paki lisakhale pafupi ndi tsiku lofika. Siyani masiku atatu kapena anayi pakati, ana apumulenso, poti mwana amene wagona m'basi usiku uwiri sasangalala ndi chilichonse.

Zimasintha ngati wolephera ndi paki. Akatseka paki yonse tsiku limene munagulira tikiti, kapena akakubwezani pachipata chifukwa agulitsa matikiti opitirira malo, ayenera kukubwezerani. Gawo 47 la Consumer Protection Act ija limanena za kugulitsa mopitirira malo, ndipo gawo 54 limapatsa wogula ufulu wofuna kuti ntchito yosachitika bwino ikonzedwe kapena abwezeredwe gawo loyenera la mtengo. Koma pakati pa kutseka paki yonse ndi tsiku loyenda bwino pali mpata waukulu, ndipo mikangano yambiri imachitikira mmenemo. Mvula ikagwa, kapena chokwera chimodzi chikawonongeka, mapaki ambiri analemba kale kuti tikiti yolowera sibwezedwa, chifukwa inakulonjezani kulowa, osati chokwera chakutichakuti. Chiphaso chodumphira mzere ndiye chosiyana. Ngati munalipira kuti mudumphe mzere pa chokwera chimodzi ndipo chokweracho chatsekedwa tsiku lonse, mwalipira chinthu chimene simunalandire, ndipo muli ndi chifukwa chomveka chofunira ndalama yanu kapena chiphaso cha chokwera china.

Zoterezi zikachitika musatuluke pachipata musanapite ku ofesi yothandiza alendo. Ili ndiye langizo limene anthu amalinyozera n'kudzanong'oneza bondo. Wantchito amene ali pamenepo tsiku lomwelo akuona yekha kuti chokwera chaima, ndipo nthawi zambiri ali ndi mphamvu yokupatsani kanthu pompo. Imelo yotumiza muli kwanu ku Angónia patapita sabata imakafika kwa munthu amene sanaone kalikonse ndipo amangoyankha ndi malamulo olembedwa. Jambulani chikwangwani chonena kuti chokwera chatsekedwa, foni imasunga nthawi yokha. Lankhulani mofatsa, nenani chimene munagula, chimene simunalandire, ndi chimene mukufuna. Akakana, pemphani nambala ya dandaulo lanu. Nambala imeneyo ndi imene alongo anu angapite nayo kwa Consumer Goods and Services Ombud, amene amamva madandaulo a ogula kwaulere, kapena ku National Consumer Commission.

Zonse ndanenazi zimagwira ntchito ngati ndalama inapita kwa eni paki kapena kwa wogulitsa amene iwo amamuvomereza. Mukatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola ku nambala ya munthu, paki sikudziwani. Ngakhale bambowo atagula tikiti yeniyeni, m'mabuku a paki wogula ndi iwowo, ndipo ndalama ikabwezedwa idzabwerera ku khadi lawo, inu n'kuyamba kuwasakasaka. Choopsa china n'chakuti tikiti ya masiku ano ndi kachithunzi ka QR basi. Kachithunzi kamodzi kangatumizidwe kwa mabanja khumi, woyamba kufika pachipata alowa, otsalawo makina awakana, ndipo mudzazindikira muli pachipata ndi ana atavala kale zovala zatsopano. Mawu oti tumizani mwezi uno mitengo isanakwere nawonso muwachenjerere. Wogulitsa woona amakupatsani nthawi yofunsa.

Kuno kwathu tili ndi Lei de Defesa do Consumidor, lamulo nambala 22/2009. Limathandiza ngati mwagula ku ofesi ya maulendo yolembetsedwa, yokhala ndi chilolezo, NUIT (nambala ya msonkho) ndi malo odziwika, imene yakupatsani factura (risiti ya kampani). Ofesi yotero mungailembe m'buku la madandaulo, n'kupita kwa oyendera malonda a boma amene ambiri timawadziwa ndi dzina la INAE. Koma munthu wongodziwika ndi nambala ya foni, akazimitsa foniyo, nkhani yasanduka ya kupolisi, ndipo ndalama yotayika motero sibwerera kawirikawiri. Ngati bambowo alidi ndi bizinesi, afunseni dzina la kampani, NUIT ndi factura yolembedwa dzina lanu. Mmene ayankhire mudzadziwa zambiri.

Kulipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard pa tsamba la paki kuli ndi chitetezo china chimene ndalama ya pa foni ilibe. Mukalipira chinthu osachilandira, ndipo wogulitsa akukana kubweza, mungapemphe banki yanu kuti itsutse malipirowo, zimene amazitcha chargeback. Nthawi yake ili ndi malire, kawirikawiri masiku 120, ndipo banki idzafuna umboni woti munayamba mwadandaula kwa wogulitsa. Njirayi ndi ya pamene wogulitsa walephera. Siigwira ntchito ngati inu mwangosintha maganizo kapena basi yachedwa. Dziwaninso kuti mukalipira ndi khadi la meticais, ndalama yobwezedwa imachoka mu randi n'kusinthidwa pa mtengo wa tsiku lobwezalo, ndipo zimene banki inadula posintha poyamba nthawi zambiri sizibwerera. Mudzalandira yoperewera ngakhale paki itabweza yonse, ndipo imatha kutenga masabata isanaoneke mu akaunti.

N'chifukwa chake kwa inu njira yabwino ili kale m'banja. Amalume a anawo ali komweko, ali ndi khadi la randi, foni ya komweko, ndipo angapite okha ku ofesi ngati pali chovuta. Agule ndi iwo, pa tsamba la paki, ndipo ngati mukufuna kuthandizapo muwapatse ndalamayo mukafika. Asagule lero. Aziyang'ana pa tsambalo mmene malo a masiku amene mukufuna akuyendera, ndipo ngati sakutha, adikire mpaka muwaimbire kuti mwawoloka Beitbridge. Akaona kuti masikuwo ayamba kudzaza musananyamuke, agule matikiti olowera okha, a tsiku lotalikirana ndi lofika, atawerenga kaye zimene alemba zokhudza kusintha deti ndi kujambula tsamba limenelo, chifukwa malamulo a pa intaneti amasintha ndipo chimene chimakutetezani ndi chimene chinalembedwa tsiku logula. Maina a pa tikiti afanane ndi a m'mapasipoti. Imelo yotsimikizira kugula aitumizenso kwa inu, kuti ikhale m'mafoni awiri.

Za chiphaso mukagamule muli m'kati, cha m'ma 10 koloko, mutaona mizere. Ngati pakiyo ikugulitsa, ndipo zokwera zazikulu zikudikiritsa kupitirira ola, ndipo kumwamba kulibe mitambo yakuda, mugulire wazaka 14 uja ndi wamkulu amene akukwera naye, ndi wazaka 10 ngati tepi ija inamuvomereza. Musanapereke ndalama funsani wogulitsayo kuti chiphasocho chikugwira pa zokwera ziti, kangati, ndipo chokwera chikaima adzakuchitirani chiyani. Risiti yake muisunge pamodzi ndi ya matikiti kufikira mutabwerera ku Ulongué.